Timitengo Tiwiri mu Mpunga

Kwa Che Lini banja linkadya mochedwa, dzuwa litapendeka, odya a masana onse atapita. Lachiwiri limenelo, mu Okutobala wa 1987, anakhala monga mwa masiku onse pa tebulo lalitali la pafupi ndi khitchini: Che Lini eni ake, akazi awo Abiti Uladi, mwana wawo Asiatu, ndi mlendo amene anasiya kale kukhala mlendo, Sajeni Yakobo Chalera wa polisi yofufuza milandu pa Mangochi.

Che Lini anali Mtchaina. Anabwera kalekale ndi anzawo kudzaphunzitsa ulimi wa mpunga. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala, nakwatira kwa Mponda, natsegula kanyumba kodyeramo kuseri kwa msika. Nkhumba sinkalowamo chifukwa mayi anali Msilamu. Munkapezeka mpunga wokazinga, chambo cha jinja, ndi tizingwe ta ufa wa tirigu tosambira mu msuzi wa nkhuku, timene asodzi ankatinyoza kuti ndi nyongolotsi koma n'kumaitanitsa mbale yachiwiri.

Chalera kwawo kunali ku Dowa. Mkazi wake anamwalira asanamusamutsire kuno, ana anatsala kwa akuchikazi. Ku laini ya apolisi anali ndi bedi, mpando umodzi ndi wailesi. Mapoto anali asanawatulutse n'komwe m'katoni.

"A Sajeni, supuni mpaka liti?" anatero Abiti Uladi. "Zaka zonsezi ngakhale mbuzi ikanaphunzira kudyera timitengo."

"Mbuzi ilibe njala ngati yanga, amayi."

Asiatu anaseka. Chalera anayang'ana pa tebulo la pakona, pamene ankakhala Aphunzitsi a Jenkins, nkhalamba yopuma pantchito imene inkadya pamenepo yokhayokha tsiku ndi tsiku. Mbale yawo ya maluwa obiriwira inali pomwepo, yodzaza mpunga woyera, timitengo tiwiri titazikidwa chilili pakati pake.

"Aphunzitsi achedwa lero," anatero Chalera.

"Achedwa," anayankha Che Lini, osadzutsa mutu.

Apo m'pamene wapolisi wa njinga anaima pakhomo, thukuta kamukamu. "Bwana, kwapezeka mtembo kumadimba."

Anaupeza ndi amayi odula bango m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa madimba a kwa Mponda. Anali a Jenkins. Anagona chafufumimba, taye ali m'khosi, wotchi ikuyendabe pamkono. Anthu anali atagamula kale kuti ndi mvuu.

Chalera anagwada, nayang'ana bala la kunkhongo. "Mvuu simenya kamodzi n'kuchoka," anatero. "Komanso sikokera munthu m'bango pomugwira m'khwapa. Onani mizere ya nsapato iyi."

Adokotala anati munthuyo anafa m'mawa, dzuwa lisanatenthe, atamenyedwa ndi chinthu chosathwa. Chalera anapita kumene a Jenkins ankakhala. Chinali chipinda chimodzi, munali buku la mapemphero, kapu imodzi, ndi malaya awiri ositidwa bwino. Kwawo kunali ku Malindi, koma uthenga utapita sikunabwere munthu. Panalibe wolira. Chalera anaima nthawi yaitali akuyang'ana kapuyo, kenaka anatseka chitseko.

Asanabwerere ku ofesi, anyamata a chipani anali atabweretsa kale munthu womangidwa ndi chingwe cha khoka. Anali Jeremiya, msodzi wa ku Chembe, amene anali atangotuluka kumene anthu ankawatsekera popanda kuwazenga mlandu. Msika wonse unamuona Lolemba atagwira a Jenkins pakhosi.

Lachitatu m'mawa Chalera anakhala naye m'kachipinda kofunsira mafunso.

"Unawagwira taye?"

"Ndinawagwira."

"Chifukwa?"

"Ndimafuna ndione ngati khosi la munthu wa makutu aatali limasiyana ndi lathu."

"Lankhula zomveka, Jeremiya."

Jeremiya anayang'ana kuchitseko, natsitsa mawu. "Mukumukumbuka Sumani, mwana wa Che Lini?"

Chalera ankamukumbuka. Sumani anali mnyamata wanthabwala, wonyamula mbale zinayi dzanja limodzi. Tsiku lina akupereka chakudya anati posachedwa ndi nkhuku zomwe zizifunsidwa khadi la chipani zisanalowe mumsika. Patapita masiku ochepa inabwera galimoto n'kumutenga. Zaka zitatu zinali zitadutsa, ndipo m'nyumbamo dzina lake linkatchulidwa monong'ona.

"Tinali chipinda chimodzi," anatero Jeremiya. "Omufunsa ankadziwa zonse, ngakhale ndiwo za tsikulo. Wina analakwitsa n'kunena kuti, aphunzitsi ako aja sanama. Sumani anamwalira mu Juni, bwana. Chifuwa. Ndinamutseka maso ndine."

Chalera anasiya kulemba. "Wauza ndani?"

"Bambo ake. Lolemba, kudimba. Mayi ake sindinalimbe mtima."

"Nanga Lachiwiri m'mawa unali kuti?"

"Pansi pa bwato la eni ake, mtulo. Mboni zanga ndi udzudzu."

Mkulu wa pa siteshoni anamva zonsezo akusenda mtedza. "Ndiye watsala ndi chiyani? Anakangana naye, alibe mboni, ndipo munthu wotuluka kumene uja palibe amene angamufunse. Lemba zithe, Sajeni."

Chalera anatuluka. Mawu akuti bambo ake anali atamukhala pamtima ngati mwala, koma anawakankhira pambali. Munthu kumva zowawa si kupha ayi. Miyendo inamutenga yokha kupita kuseri kwa msika.

Che Lini anali kudimba. Abiti Uladi anali kukhitchini, akung'ung'udza kanyimbo ka Chiyao, osadziwa kuti mwana wawo anaikidwa kale m'manda. Asiatu anaikira Chalera mpunga. Njala inalibe malo. Chalera anatola timitengo pa tebulo, natiyesa, mpunga n'kumagwa. Atatopa anangotizika chilili mu mbalemo.

Asiatu anathamanga n'kutizula. "Iyayi, a Sajeni! Satero!"

"Ndalakwanji?"

"Mpunga woimika timitengo ndi wa akufa. Ndi mwambo wa kwa ababa. Amatero kamodzi pachaka, mvula ikamatha, pokumbukira amayi awo."

"Mvula ikamatha," anabwereza Chalera pang'onopang'ono.

Kunja dzuwa la Okutobala linkawawula malata. Asiatu anatembenukira ku tebulo la pakona, lomwe tsopano linali lopukutidwa.

"Dzulo bambo ako anaika mbale ija nthawi yanji?" anafunsa Chalera.

Mtsikanayo anathawira kukhitchini. Panalibenso chifukwa chofunsira. Chalera anaiona yekha mbale ija wapolisi wa njinga asanafike, mbiri ya mtembo isanamveke, pamene tauni yonse inkaganiza kuti a Jenkins ali moyo.

Anakhala pomwepo mpaka mpunga unazizira. Palibe wina wa ku polisi amene anaiona mbaleyo. Akanatha kubwerera, kukalemba dzina la Jeremiya, mawa n'kudzakhalanso pa tebulo lalitali, Abiti Uladi n'kumamuseka za supuni. Anaganiza za katoni ya mapoto ija. Anaganizanso za chingwe cha khoka m'mikono ya Jeremiya. Kenaka anadzuka, navala chipewa.

Anawapeza Che Lini akuthirira tchainizi, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Bango limene munapezeka mtembo linkaonekera chapatali pang'ono.

"Mwaswera bwanji, Che Lini?"

"Ndaswera, a Sajeni. Mwadya?"

"Ndalephera. Pepani za Sumani."

Nkhalambayo inatsitsa kheni pansi. Madzi anapitiriza kudontha.

"Dzulo munaika mpunga wa akufa," anatero Chalera. "Mwina unali wa Sumani. Munali mutamva Lolemba. Mukatero, ine ndimva."

Che Lini anapukusa mutu. "Sumani ndi Msilamu. Mayi ake adzamuchitira sadaka, mzikiti wonse udzabwera. Mpunga uja unali wa Jenkins. Iye alibe munthu. Akapanda kudya kwa ine, akadya kwa yani?"

"Ndiuzeni mmene zinakhalira."

Anakhala pansi pamzere, ngati anthu okambirana za mbewu.

"Ankabwera kuno m'mawa uliwonse kudzaona masamba," anatero Che Lini. "Ndinamufunsa. Sanakane. Anati iwo aja a galimoto ija anamulonjeza kuti mnyamata angomuopseza sabata imodzi. Ndinati, Jenkins, unkafuna chiyani? Anati palibe. Anati chipumire ntchito, palibe amene ankagogoda pachitseko chake, koma iwo aja. Ankakhala pansi, kumwa naye tiyi, kumufunsa zimene wamva. Ankamutchula kuti bwana."

Mphepo inagwedeza bango.

"Ndinamuuza kuti Sumani wafa. Analira, misozi yeniyeni. Ine ndinangoima. Ndikanamusiya, a Sajeni. Ndinali nditatembenuka kale. Koma anapukuta m'maso ndi kansalu kake, n'kundifunsa kuti, kodi Lini, masana ndibwere?"

Che Lini analoza khasu lomwe linali litatsamira mtengo wa nthochi.

"Kamodzi. Ndi mpini. Zaka zitatu ndakhala ndikumuchotsera minga mu chambo chifukwa maso ake sankaona bwino. Ndi manja awa."

"Mukudziwa kuti Jeremiya ali m'chitokosi?"

Nkhalambayo inadzidzimuka. "Sindimadziwa. Iye uja wavutika kale mokwanira." Inaimirira, nitsitsa miyendo ya buluku. "Chinthu chimodzi. Mayi ake Sumani ndikawauze ndekha."

Chalera ananyamula khasu. Anayenda limodzi kudutsa madimba, kudutsa ogulitsa usipa, anthu n'kumawapatsa moni ngati masiku onse. Atafika, Che Lini analowa n'kutseka chitseko. Chalera anatsala panja, pamthunzi wa khonde, unyolo uli m'thumba. Kanyimbo kaja kanaleka. Panadutsa kanthawi kali zii, kenaka kulira kunabuka, kwa mayi woyamba, kwa mwana pambuyo. Anthu a mumsika anasiya malonda n'kuyamba kusonkhana. Chalera anavula chipewa.

Tsiku lotsatira, Che Lini ali m'chitokosi, Jeremiya anamasulidwa, nakwera lole ya ku Monkey Bay osatsanzika munthu. Mkulu wa pa siteshoni anangoti, "Wadzipezera ntchito wekha," n'kusayina.

Masana Chalera anadutsa kuseri kwa msika, akudziuza kuti ndi njira yachidule. Matebulo anali atatulutsidwa panja. M'katimo amayi ofunda mipango anakhala pamikeka, shehe akuwerenga. Anafuna kupitirira, koma Asiatu anamuona. Analowa kukhitchini, natuluka ndi mbale yovindikira yomangidwa m'nsalu.

"Mukawapatse ababa," anatero, akuyang'ana pansi. "Mgaiwa wa kumeneko sangathe. Mano alibe."

"Ndikawapatsa. Amayi ali bwanji?"

"Ati mawa mudzatengenso nthawi ngati ino. Muziima pomwepa, ine ndizituluka."

Anabwerera m'nyumba. Chalera anagwira mbaleyo ndi manja awiri. Inali yotentha, fungo la jinja likutulukira m'nsalu. Pa ngodya ya msika anaima, nagula chinangwa chophika chidutswa chimodzi n'kuika m'thumba la malaya. Kenaka anauyamba wa ku siteshoni, akuyenda pang'onopang'ono kuti msuzi usatayike.