Kuitana kwa a Mawaya

Nkhaniyi si yopeka. Wokayika akafunse aphunzitsi opuma aja amene amatsogolera kalabu ya mawailesi olankhulirana, chifukwa anamva ndi makutu awo. Inenso anandiuza ndi mlamu wake wa telala amene zinamuchitikira, munthu wosadziwa kukometsera nkhani.

Telalayo anakwatira mkazi wamasiye, mayi wofatsa, wodziwa kusunga pakhomo. Koma mayiyo anabwera m'banjamo ndi katundu mmodzi amene mwamunayo sanamukonde: wailesi ya malemu mwamuna wake. Sinali yomvera nyimbo ayi. Inali ija ya maikolofoni ndi mlongoti padenga, imene anthu amachezerana ali m'mayiko otalikirana. Malemuyo anali wa zamagetsi, ndipo mkazi wake ankamutchula mwachikondi kuti a Mawaya. Koma mwamuna watsopanoyu mayiyo ankangomuitana kuti atelala, ngati kasitomala wobwera ndi thalauza long'ambika.

M'mawa uliwonse mayiyo ankapukuta fumbi pawailesi ija, makina osokera osawayang'ana n'komwe. Nkhani zake zinali zomwezomwezo. A Mawaya analankhulapo ndi woyendetsa sitima ali pakati pa nyanja. A Mawaya ankakonda kusenda malalanje akamacheza pamphepo, ndipo iye ankaima pakhomo la chipinda atanyamula tiyi wawo wopanda shuga, kumvetsera mpaka tiyiyo kuzizira. Nsanje inamudya telala, ndipo inali nsanje yoipa. Wamoyo ukhoza kumulondola n'kumuopseza, koma wakufa ungamupeze kuti? Wakufa sakalamba, saliza mkonono, safika panyumba mochedwa. Chimene telala ankafuna chinali chimodzi, kuti mkazi wake adzaime pakhomo lija chifukwa cha iye.

Choncho analowa kalabu ija kuti apeze laisensi, pakuti wopanda laisensi amaloledwa kumvetsera kokha. Munthu wozolowera sizasi ndi tepi anayamba kuloweza malamulo a pamphepo, malo amene oyamba kumene amaloledwa kulankhulapo, ndi kalumikizidwe ka mawaya ndi mtovu. Zala zinapsa, mutu unawawa. Mayeso oyamba analephera. Mkazi wake pomutonthoza anati asadandaule, zinthuzi n'zovuta, a Mawaya okha ndiwo anakhoza osatsegula ndi buku lomwe. Telala anaseka, koma chakudya sichinalowe.

Ulendo wachiwiri anakhoza. Anamupatsa laisensi ya oyamba kumene ndi dzina lake la pamphepo, la zilembo ndi manambala. Mkazi wake anati, “Mwachita bwino, atelala,” n'kubwerera kokachapa.

Pomupatsa pepalalo, aphunzitsi anamutsina khutu. Anati wailesi imayamba ndi kumvetsera, ndipo kuitana kumene sikuli kwako suyankha. Anamufotokozeranso mwambo wa kalabuyo. Chaka chilichonse, pa tsiku limene mnzawo anamwalira, amaitana dzina lake katatu dzuwa likamalowa, ndipo aliyense amachotsa chala pabatani. Chete ameneyo ndiye yankho, ndiye amene amauza malemu kuti malo ake pamphepo anatsekedwa. Telala anangogwedeza mutu, maganizo ali kunyumba.

Anasankha chisisira kuti alankhule koyamba, poti anamva kuti nthawi imeneyo mawu amapita kutali. Anakhala pampando wa malemu, n'kuyatsa wailesi ya malemu. Sanadziwe kuti linali tsiku lanji, koma mkazi wake ankadziwa.

M'wailesimo munkangomveka kusokosera ngati mvula ili kutali. Kenako anamva aphunzitsi akupempha onse kuti akhale chete, n'kutchula pang'onopang'ono zilembo ndi manambala. Linali dzina la a Mawaya.

Kukhitchini mpopi unatsekedwa. Telala atacheuka anaona mkazi wake ali chiimire pakhomo, dzanja pachifuwa, misozi ili chuchuchu. Maso ake anali pawailesi. Kwa iye mwamuna wake anali ngati kabati.

Aphunzitsi anaitana kachiwiri. Pamphepo panali zii. Galu wa oyandikana nawo, amene ankauwa kuyambira masana, anasiya. Mbalame zimene zinatera pamlongoti zinauluka zonse pamodzi.

Mtima wa telala unapsa. Anthu onse aja, m'nyumba zawo zonse zija, chete chifukwa cha munthu woti anawola kalekale, pamene iye wamoyo, wa laisensi yatsopano, palibe ankamudziwa. Aphunzitsi ataitana kachitatu, anatenga maikolofoni n'kudina batani. Ankafuna kutchula dzina lake kuti onse adziwe kuti m'nyumbamo tsopano muli mwamuna wina.

“Ndakumvani,” anatero. “Ndilipo.”

Kusokosera kuja kunatha.

M'chipindamo munazizira. Kenako munamveka fungo la mtovu wosungunuka ndi makoko a malalanje. M'nyumbamo munalibe lalanje.

Palibe anayankha pamphepo. Kunangomveka kupuma kwa munthu wina, kenako mawailesi akuzimitsidwa, imodzi imodzi.

Kumbuyo kwake mkazi wake ananong'ona.

“A Mawaya?”

“Mayi, ndine. Mwamuna wanu.”

Chala chinali chitachoka pabatani. Mkaziyo anamuyang'ana ngati munthu amene wamudzutsa kutulo, nkhope n'kugwa, ndipo anabwerera kukhitchini.

Kutacha aphunzitsi anafika atatsagana ndi mlamu uja. Anakana mpando. Anafunsa telala motsitsa mawu kuti anayankha dzulo ndani.

“Ndine, aphunzitsi. Ndinalakwitsa.”

“Mawu anu timawadziwa, atelala. Aja sanali anu. Aja tinawaika m'manda.”

Telala anatsutsa, ndipo pofuna kuwatsimikizira anayatsa wailesi, kudina batani, n'kutchula dzina lake la pamphepo. Iye ankamva mawu ake omwe aja, opyapyala. Koma aphunzitsi anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Mlamu uja amalumbira mpaka lero kuti milomo inali ya telala, koma mawu anali aakulu, a pachifuwa, okoka zilembo ngati mmene ankachitira malemu. Atachotsa chala, mawu ake anabwerera.

Aphunzitsi anati njira ilipo. Madzulo omwewo aitanenso dzina la a Mawaya katatu, telala akhale chete, kenako wailesiyo ichoke m'nyumbamo. Anati pamphepo palibe amene adzayankhe telala zikapanda kutero, pakuti anthu ali ndi mantha. Telala anavomera, ndipo anawaperekeza mpaka pamsewu.

Dzuwa likulowa anakhala pampando uja, manja atawapinda pachifuwa kuti asakhudze kanthu. Aphunzitsi anaitana koyamba. Telala anakhala chete. Anaitana kachiwiri. Anakhalabe chete.

Pamenepo anamva mapazi kumbuyo kwake.

Mkazi wake anali pakhomo. Anavala diresi limene telala anamusokera, limene anali asanalivalepo. M'manja munali kapu ya tiyi. Maso ake sanali pawailesi. Anali pa telala, ofewa, owala, mmene anali asanamuyang'anirepo kuyambira pamene anakwatirana.

“Lankhulaninso,” ananong'ona. “Chonde.”

Aphunzitsi anaitana kachitatu.

A kalabu anasiya kuitana dzina la a Mawaya, ndipo kunyumba kwa telala sapitako. Mlamu wake yekha ndiye amapita, koma amaonetsetsa kuti wachoka dzuwa lisanalowe. Akuti mlongoti ulipobe padenga, ndipo mbalame siziterapo. Telala wawonda, makina osokera agwira fumbi. Tiyi wopanda shuga amadana naye kuyambira ali mwana, koma madzulo alionse amamwa mpaka kumaliza, chala chili pabatani.