Kaunika Anaulula za ku Dambwe

Chisoti cha Kaunika chitangokhudza mutu wa Sankhani Dzoole, khoma la khoti la apilo linayamba kuwala. Kaunika anali makina owerenga zimene munthu akukumbukira: ankazitulutsa m'mutu n'kuzionetsa pakhoma ngati kanema. Lamulo la masiku amenewo linkati umboni wonse uonetsedwe poyera, osabisako ngakhale kachidutswa.

Sankhani anali m'ndende pa mlandu wogwirira mkazi wa munthu amene ankalimbirana naye dimba. Mayiyo anati zinachitika masana, tsiku la maliro a mfumu. Atafunsidwa kumene anali masana amenewo, Sankhani anangoti chete, ndipo khoti loyamba linati kukhala chete ndiko kuvomera. Nzeru za khotilo zinathera pomwepo.

"Mukavula chisoticho, apilo yatha," anamunong'oneza loya wake, Mayi Nachisale. "Mudzatuluka muli ndi imvi, bambo."

Kumbuyo kunadzuka atsibweni ake, a Kadzamira. "Mphwanga, vula chinthucho! Muno muli amayi ndi anthu osalowa gule!"

Sankhani anatsinzina. Sanavule.

Pakhoma panaoneka dambwe, malo obisika kumanda kumene amuna a gule wamkulu amavalira. Manja a Sankhani ankadzipaka dothi, kenako ananyamula chigoba cha nyau n'kuchivala kumaso. Anavina pamaliropo mpaka dzuwa kupendeka. Pakati pa amayi oimba panali mayi womunenera uja, akuomba m'manja mwamphamvu, osadziwa amene akumuombera. Iye sanamuone Sankhani pamaliro, n'chifukwa chake anasankha tsikulo poganiza kuti alibe mboni.

Koma makina alibe manyazi. Kaunika anaonetsanso amuna ena onse a kudambweko, nkhope zili pamtunda, atsibweni ake omwe. Amayi m'khotimo anafunditsa mitu m'zitenje, wina analira mokweza.

"Chilango chafafanizidwa," anatero woweruza. "Bambo Dzoole, ndinu mfulu."

Panja Sankhani anathamangira atsibweni ake n'kugwada. "Atsibweni, ndikanatani ine? Ndikanafera m'ndende momwemo?"

"Anzako anafa nacho chinsinsi chimenechi," anayankha a Kadzamira, osamuyang'ana. "Kumudzi usapondeko. Ine mphwanga ndilibe."

A Kadzamira anakwera basi yopanda dalaivala, chitseko n'kudzitseka chokha. Sankhani anatsala chogwada pafumbi, mtima ukuwawa kuposa tsiku limene anamangidwa. Kaunika ankadziwa kutulutsa choonadi m'mutu mwa munthu, koma za kumene munthuyo akagone sizinkamukhudza.