Bawuti ya Pansi pa Thanki

Komaliza mnyamatayo kuwaona bambo ake ali moyo, bambowo anali atawerama mu boneti, kansanza kali paphewa. Linali Lachiwiri, 7 koloko m'mawa.

"Tabwera udzaione, iwe wa kukoleji," anatero bambowo. "Dzulo ndathira petulo malita khumi. Taona singano, yagona kale."

Mnyamatayo sanadzuke pakhonde. Umakaniko anauphunzira chaka ndi theka n'kusiyira panjira, ndipo mawu oti "wa kukoleji" ankamulasa.

"Injini yakalamba, adadi. Ngati eni ake."

Bambowo anangoseka. Anatseka boneti kawiri, chifukwa kamodzi siinkagwira, n'kumapita.

Galimotoyo inali takisi, yaikulu msinkhu kuposa mnyamatayo. Masana aliwonse bambowo ankaisiya pabwalo la mlamu wawo, wotsuka magalimoto, iwo n'kukadya. Tsiku limenelo anaiwala foni pampando, ndipo anabwerera 1 koloko isanakwane. Anapeza miyendo ya mlamuyo itatulukira kumbuyo kwa galimoto. Pansi pa thanki panali chigubu. Petulo ankachucha.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kani injini yotha ija ndinu?"

Mlamuyo anatuluka, manja ali nyowe. "Ndimaona ngati ikudontha."

"Ikudonthera m'chigubu? Chaka chonse ndakhala ndikusintha mapulagi. Mwana wanga ali pakhonde chifukwa cha galimoto iyi." Anagwada kuti aone okha. "Mlongo wanu amva zonse lero lomwe."

Sipanala yomasulira matayala inali potero. Mlamuyo anawamenya nayo kuseri kwa khutu. Bambowo anagwa chafufumimba, mutu uli pansi pa bampala. Anayesa kukwawa. Mlamuyo anawamenyanso kawiri, mpaka miyendo inasiya kugwedera.

Pabwalopo panalibe munthu. Anakokera mtembo kutsogolo, n'kukweza galimoto ndi jeke. Anachotsa tayala, analowetsa mutu pansi, n'kukankha jekeyo ndi phazi. Kenako anatsuka kumbuyo konse ndi sopo, anathira madzi pasimenti, n'kutuluka pageti akulira.

Apolisi analemba kuti ndi ngozi: jeke inapulumuka munthu akuona pansi pa injini. Pamaliro, amene analira kwambiri anali mlamu uja, malume a mnyamatayo.

Patapita sabata, malumewo anafika kunyumba.

"Mlongo, galimoto yatsoka iyi isakhale pano. Ndipatseni ndikasiye kwa ogula zitsulo."

Mayi a mnyamatayo anavomera ndi mutu. Mnyamatayo anatenga makiyi patebulo.

"Mawa, malume. Adadi anandipempha kuti ndiione."

M'mawa mwake anatsegula boneti. Anamasula mapulagi onse anayi. Awiri anali akuda ndi oilo, awiri ofiirira bwinobwino. Atawabwezera, analiza injini n'kupita ku ekizozi. Utsi unali wabuluu. Injini inali yothadi, koma kutha kotero kumadya oilo, osati theka la thanki pa tsiku. Anatsata paipi ya petulo ndi zala, kuyambira ku injini mpaka kumbuyo. Inali youma.

Anagona chagada n'kulowa pansi pa thanki. Chilichonse kumeneko chinali ndi dzimbiri la zaka zambiri, kupatula bawuti imodzi yotulutsira petulo. Iyo inkawala, m'mbali mwake mutaperepeseka ndi sipanala. Anaunika ndi foni. Mkati mwa bampala munali timadontho takuda touma, tambirimbiri, ndi titsitsi ta imvi titamatirira.

Anakhala pansi pomwepo nthawi yaitali. Ankafuna kupepesa kwa bambo ake, koma bambowo kunalibenso.

Kupolisi anapeza sajeni wachizimayi akudya pa desiki, n'kumufotokozera zomwe anaona.

"Ukufuna nditsegule mlandu chifukwa cha bawuti?"

"Munalemba kuti anafera kutsogolo, bwana. Magazi ali kumbuyo."

"Galimotoyo ndinaiona ndekha. Inali yoyera."

"Wotsuka magalimoto amatsuka pomwe mwini wake amaona. Pansi salowa ndi sopo."

Sajeniyo anasiya kutafuna. "Pita kunyumba. Usaikhudze. Tikupeza."

Anafika kunyumba 11 koloko. Mayi ake anali kumsika. Geti linali lotsegula, ndipo malume ake anali atagwada kumbuyo kwa galimoto ndi ndowa ya sopo ndi burashi.

"Mwafika nayo mochedwa ndowayo, malume."

"Ndimati ipite yoyera, mphwanga."

"Petulo wa adadi munkagulitsa kuti?"

Malumewo anamuthira madzi a sopo m'maso. Asanapukute, ndowa inamugunda pakamwa, dzino n'kuthyoka. Anagwa. Malumewo anamukhalira pamimba, n'kumukanyanga pakhosi ndi manja onse awiri.

"Bambo ako ankalankhula kwambiri. Iwenso watengera."

Mpweya unayamba kumuthera. Dzanja lake linapapasa pansi, n'kupeza sipanala ya mapulagi yomwe anaisiya m'mawa. Anaimenyetsa pachigongono cha malumewo. Fupa linalira. Anawakankha, n'kuwagwetsa, bondo lili pachifuwa pawo. Anakweza sipanala ija pamwamba pa mutu wawo.

"Menya," anatero malumewo, akupuma movutikira. "Mayi ako aikenso maliro ena."

Mnyamatayo anatsitsa dzanja. Anaponya sipanala kumpanda.

"Ayi. Mukawauze nokha mayi, pamaso pa anthu."

Galimoto ya apolisi inaima pageti. Sajeni uja sanafunse kanthu. Anavula chipewa, anagona chagada, n'kulowa pansi pa thanki ndi tochi. Atatuluka anadzisasa fumbi, n'kuuza mnzake kuti awamange unyolo malumewo.

"Ndi magazi a galu," anatero malumewo. "Alamu anagunda galu."

"Galu wa imvi? Kwerani, bambo."

Pabwalo lotsukira magalimoto apolisi anapeza zigubu zisanu ndi ziwiri, ndi sipanala ya matayala itaponyedwa m'ngalande. Kukhoti malumewo anavomera zonse, osadzutsa mutu. Mayi a mnyamatayo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anatuluka osamuyang'ana mlongo wawoyo.

Woweruza anagamula zaka makumi atatu. Malumewo anayamba kuziwerenga pa 9 Okutobala.