Maso a Mlamu Sanali pa Mpira

Mvula ya ku Leicester ilibe ulemu, imagwa chopingasa ngati yatumidwa. Tsiku limenelo, mu Okutobala wa 2018, inamupeza Justus Chimbalanga pa siteji ya basi ku Highfields, galimoto lake lili ku galaja.

Panalibe Mmalawi mu mzindamo amene sankamudziwa Justus. Anayamba ndi kugulitsa nsapato za mpira zapakaunjika mumsika wa Ndirande, anawolokera ku Joni, anagonapo m'masiteshoni a ku Lisbon, mpaka anakaponda ku Texas. Kumeneko anaona mmene matimu akuluakulu amasankhira anyamata a m'makoleji: kuwayeza liwiro, kuwadumphitsa, kenako kuwaika pamndandanda, uyu woyamba, uyu wachiwiri. Nzeru imeneyo anabwera nayo ku Mangalande, ndipo tsopano matimu atatu ankadikira lipoti lake asanaitane mnyamata aliyense wa kukoleji.

"Anzanga amayang'ana mpira," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Ine ndimayang'ana munthu pamene mpira uli kutali. Pamenepo palibe amene amanama!"

Pa sitejipo panali mtsikana wovala yunifolomu ya anamwino mkati mwa chijasi, akulankhula pafoni m'Chichewa chofewa. Atadula foniyo, Justus anasendera.

"Pepani achemwali, Chichewa chokoma chonchi ndinachimva komaliza pa Chinamwali. Kwanu ndi ku Zomba, ndanama?"

"Ndinu asing'anga kapena?"

"Kuposa pamenepo. Ntchito yanga ndi kuona zimene ena saona."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Ndaona munthu wotopa ndi shifiti, nsapato zanyowa, koma waima ngati mwini mzinda. Mayiko khumi ndi anayi ndayenda ine, mayi, kaimidwe kotere sindinakaonepo. Mukanakhala wosewera ndikanakusayinitsani lero lomwe!"

"Iii, koma pakamwa pokha muli napo!" anaseka mtsikanayo, akubisa mano ndi dzanja.

Dzina lake anali Atuweni, ndipo ankasamalira okalamba kunyumba ina cha ku Evington. Basi itafika, Justus anakwera nawo ngakhale sinkapita kumene iye ankalowera. Anatsika ndi nambala ya foni, n'kuilemba pansi pa dzina lakuti "Namba Wani".

Kuyambira pamenepo foni ya Justus sinkapuma.

"Namba Wani wanga, ndili ku Derby, ndaona anyamata makumi awiri ndi awiri, koma m'maso mwanga muli inu nokha."

"A Justus inu, mundichotsetsa ntchito ndi kuseka. Mwadya koma?"

"Ndadya mawu anuwo, ndakhuta."

"Ndakumisani. Musadzandisiye, mwamva? Ine mtima wanga ndi umodzi, ndipo uli m'manja mwanu."

Mawu amenewo Justus ankawawerenga m'mawa, masana ndi pa hafu taimu. Munthu amene anagonapo pabenchi ku Lisbon popanda womufunsa ngati wadya, lero akufunsidwa? Kodi mtima ukanalimba bwanji?

Mu Disembala, akudya samusa zamoto ku Belgrave, Atuweni ankangosewera ndi supuni.

"Chavuta n'chiyani, mfumukazi?"

"Ndi mlongo wanga Timothy. Mayi ndi mmodzi, abambo ndi osiyana. Amasewera kumbuyo mu timu ya koleji ina cha ku Loughborough. Chino ndi chaka chake chomaliza, ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo palibe timu imene yamuyang'anako. Koma ayi, sindikufuna kukuvutitsani."

"Kundivutitsa? Ndili ndi mlamu wosewera mpira, inu n'kumandibisira? Lachitatu tikupita limodzi!"

Anapitadi. Ndipo mnyamatayo anali mpira weniweni! Wamtali, wa mapewa otakata, womenya ndi miyendo yonse iwiri. Justus atamuyeza liwiro anaganiza kuti wotchi yasokonezeka, n'kumuthamangitsanso kachiwiri. Mpira wam'mwamba ankaufikira pamene anzake akuganiza zodumpha. Akaulanda sankangoutaya, ankadzutsa mutu n'kuupereka pamwendo wa mnzake ngati akupereka mbale kwa mlendo.

Koma Justus, monga mwa chizolowezi chake, ankamuyang'ananso mpira ukakhala kutali. Ndipo analemba m'kabuku kake chofooka chimodzi: nthawi zina mnyamatayu amachotsa maso pamasewero n'kumayang'ana kumene kwakhala anthu oonerera.

"Alamu!" anamuitana masewero atatha, akumumenya pamsana. "Mukufuna chiyani kumipando kuja? Mukundiopa ine? Musaope, kabuku aka sikaluma!"

"Ndamva, bwana," anayankha Timothy maso ali pansi.

"Bwana wa chiyaninso? Nenani kuti alamu! Mlongo wanuyu ndikumutenga ine, yambani kunola mano, nkhuku ya chinkhoswe ikubwera!"

Timothy anamwetulira ndi milomo yokha. Pa Chimalawi munthu ndi mlamu wake amaserewulana mpaka misozi, koma uyu sanabwezepo nthabwala ngakhale imodzi.

"Ndi wamanyazi chibadwire," anatero Atuweni, n'kumukoka Justus pamkono.

Masewero asanu ndi limodzi anaonera, Atuweni ali pambali pake. Kukazizira ankamuveka jekete lake. Anamugulira sikafu yofiira ya ubweya kuti azidziwika patali. Mu Malichi analowa m'sitolo ya a Munaf pa Belgrave Road. A Munaf anali mmwenye wobadwira ku Limbe, wosula mphete, wolankhula Chichewa chopanda litsiro.

"Achimwene, mphete ndikupatsani yabwino," anatero a Munaf, "koma mtsikanayu mwamufufuza bwinobwino kwawo?"

"A Munaf, mukufunsa ine? Ine ndimadya chifukwa chofufuza anthu! Mphindi khumi zimandikwanira. Uyu ndamuona miyezi isanu!"

Justus anali munthu woyenda, koma mwambo sanautaye. Malume a Atuweni anali kutali ku Zomba, ndiye woyamba kumudziwitsa anayenera kukhala mlongo wake. Lamlungu lina anavala suti ya ku Lisbon, napita kuchipinda cha Timothy ku Normanton. Anakhala pampando wapulasitiki, manja ali pamawondo, munthu wamkulu kudzichepetsa pamaso pa mnyamata.

"Alamu, lero sindinabwere ndi kabuku. Ndabwera ndi mtima. Ndaona mbeta pakhomo panu, ndipo ndikufuna mundilozere njira ya kwa amalume."

Timothy anayang'ana khoma.

"Ndamva. Mundipatse nthawi ndilankhule ndi akuluakulu." Anatembenukira kwa Justus. "Nanga lipoti la kaseweredwe kanga mutumiza liti?"

"Lachisanu masana, alamu. Timu ina ikufuna mayina asanu oti akayesedwe, ndipo woyamba pamndandanda amakaonedwa ndi kochi wamkulu. Mtima m'malo!"

Anatuluka akuimba mluzu. Lachisanu lipoti, Loweruka mphete. Dziko linali lake!

Koma Justus sankatumiza lipoti lokhala ndi funso losayankhidwa. Maso a mnyamata uja ankafuna chiyani kunja kwa bwalo? Anapempha Roshan, wojambula masewero pakolejipo, kuti amutumizire vidiyo ya masewero omaliza. Kamera ya Roshan inkakhala pamwamba, mbali inayo ya bwalo, moti inkaonetsa osewera onse pamodzi ndi mipando ya oonerera.

Lachinayi m'mawa, kapu ya tiyi ili pambali, Justus anayamba ntchito.

Mphindi ya 23: Timothy wamutaya munthu wake, watembenuza mutu, adani agoletsa. Justus anaimitsa chithunzi n'kutsata kumene maso a mnyamatayo ankaloza. Anapeza kadontho kofiira, sikafu ija. Pambali pake panali iye mwini, akumuveka Atuweni jekete.

Anaseka. Zangochitika basi.

Mphindi ya 58: Timothy wayang'ananso, kenako wamutchera mnzake mwankhanza, kadi yachikasu. Kumipando kuja, Justus anali atagwira dzanja la Atuweni n'kulipsompsona.

Kuseka kuja kunatha. Mphindi ya 71, chimodzimodzi. Mphindi ya 80, chimodzimodzi. Nthawi zonse Justus akakhala phee n'kabuku kake, mnyamatayo ankasewera ngati mfumu. Akangomukhudza Atuweni, miyendo ya Timothy inkafa. Kodi mlongo amatero? Mlongo amatenthedwa mtima chifukwa chemwali wake wagwiridwa dzanja?

Woyimbira anathetsa masewero, koma Roshan anaiwala kuzimitsa kamera. Justus anadziona akutsika kukalankhula ndi kochi. Anaona sikafu yofiira ikuzungulira kuseri kwa kanyumba kosungira mipira, kumene Timothy ankadikira. Anaona mnyamatayo akukankha dzanja la Atuweni mokwiya. Anaona Atuweni akumugwira nkhope ndi manja awiri, akumupukuta thukuta ndi sikafu ija, kenako n'kumupsompsona pakamwa, nthawi yaitali, ngati munthu wopepesa mwamuna wake.

Tiyi anazizira. Justus anabwereza kachigawo kameneko kasanu, monga amachitira ndi chigoli chokayikitsa. Chigoli chinali chenicheni.

Masana omwewo anakamudikira pa siteji ya basi ija. Atuweni anatsika akumwetulira.

"Wokondedwa! Mwandisapulaiza bwanji lero?"

Justus anangomupatsa foni, vidiyo ija itatsegulidwa. Atuweni anaonera mpaka pamapeto.

"Ndi ndani ameneyu kwa inu?"

"A Justus, tiyeni tikakhale penapake..."

"Pompano! Pano m'pamene tinayambira. Ndi ndani?"

"Ndi mwamuna wanga." Mawu anatuluka ngati mpweya. "Tinachita chinkhoswe ku Zomba zaka zinayi zapitazo."

Justus anatenganso foni yake.

"Ndiye ine ndinavala suti, n'kukakhala pampando wapulasitiki, kukafunsira mkazi kwa mwamuna wake? Ine Justus? N'kumamutchula kuti alamu?"

"Timothy analira tsiku limenelo. Anandiuza kuti tisiye, ine ndi amene ndinakakamira. Anakulemberani makalata atatu chaka chatha, simunayankhe. Amayi ena kutchalitchi anati a Justus sawerenga makalata, koma nkhope yokongola amaiwerenga. Ndinangofuna kuti mumuone akusewera kamodzi kokha. Kenako zinthu zinapita patali, ndinasowa potulukira."

"Nanga pa siteji pano? Mvula ija?"

"Ndinamva kuti galimoto lanu lawonongeka. Ndinakudikirani masiku atatu."

Ha! Mlenje wa osewera, woyenda mayiko khumi ndi anayi, anachita kusakidwa ngati mwana wasukulu! Atuweni ndiye anamuona kaimidwe, anamuyeza liwiro la mtima, anamuika pamndandanda.

"Funso limodzi, Atuweni. Munandikondako? Ngakhale tsiku limodzi lokha?"

Misozi inatsika m'masaya mwa mtsikanayo. "Mumandiseketsa, a Justus. Ndinu munthu wabwino kwambiri."

"Sindinafunse zimenezo."

Atuweni anangowerama. Yankho linali lomwelo.

"Ndilangeni ine," anatero akumugwira malaya. "Nditukwaneni, kandiyalutseni kutchalitchi, ndivomera. Koma iye musamuphere tsogolo. Miyendo yake sinakunamizeni!"

Justus anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa bandeji pabala. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, kabokosi ka mphete imene anagula kwa a Munaf kakumugunda m'thumba pa sitepe iliyonse. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Highfields, anthu anamuona Justus Chimbalanga akudutsa osamva mawu ake.

Lachisanu m'mawa anatsegula lipoti. Zinali zosavuta! Mzere umodzi wokha, wakuti mnyamatayu mutu wake sukhazikika, ukanakwanira. Palibe kochi amene akanafunsa kawiri, ndipo vidiyo ikanamuikira umboni. Analemba mzerewo. Anauyang'ana. Anaika chala pamwamba pa batani lotumizira.

Kenako anakumbukira mnyamata wina wa ku Ndirande, wogulitsa nsapato zoti ena akasewerere, amene panalibe anabwera kudzamuona akusewera. Anakumbukiranso Timothy pa mphindi zimene iye, Justus, anakhala manja ali pakabuku. Mpira umene uja unali woona. M'nkhani yonseyi, chinthu chokhacho chimene sichinaname chinali chimenecho.

Anafufuta mzere uja. Dzina la Timothy analiika pamwamba pa mndandanda, ndipo pansi pake analemba kuti: "Liwiro, mphamvu ndi nzeru, zonse zilipo. Mutengeni. Chofooka chake n'chimodzi: nthawi zina amachotsa maso pa mpira. Chimene chimamusokoneza ndachipeza, ndipo sichidzabweranso ku bwalo."

Anatumiza nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko.

Patapita milungu iwiri foni inalira. Pagalasi panaoneka dzina lija, "Namba Wani".

"Amutenga! A Justus, amutenga! Mulungu akudalitseni. Ndikhululukireni."

Justus anali pabwalo lina ku Nottingham, mphepo ikumuwomba, mpando wa pambali pake uli wopanda munthu. Anawerenga uthengawo kawiri. Anayamba kulemba yankho, kenako analisiya. Anafufuta dzinalo, nabweza foni m'thumba momwe munali kabokosi kaja.

M'bwalo anyamata makumi awiri ndi awiri ankathamanga. Justus anatsegula kabuku, anakweza maso kuti ayambe ntchito, koma sanathe kuona nambala ya wosewera ngakhale mmodzi. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, ndipo jeketelo linali likununkhirabe mafuta a Atuweni.