Khungu Lachikasu la Maburoka

Lukmani anakulira m'nyumba yoti ana ena ankaisirira. Bambo ake, a Hamoud, ankakonza injini za maboti ku Metangula, ndipo asodzi a ku Chiwanga mpaka ku Meluluca ankalidziwa khomo lawo. Pa ofisina yawo, malo okonzerapo injiniwo, ankagwira ntchito ndi a Mathias a ku Maniamba. Wina anali Msilamu, wina Mkhristu, koma kwa zaka zambiri ankadyera mbale imodzi osakayikirana. Lukmani nayenso ankaphunzira ntchitoyo, kungoti manja ake ankakonda m'thumba kuposa pa sipanala.

Chuma cha pa ofisinapo chinali kabokosi ka maburoka, tizitsulo tobowolera zitsulo zinzake. Anali achikasu, owala ngati ndolo za mkwatibwi. A Hamoud ankauza mwana wawo kuti chikasucho ndi khungu chabe, lopyapyala kuposa la anyezi. Ku fakitale amatentha chitsulo china mpaka chisanduke nthunzi, nthunziyo n'kumatirira pa buroka monga uchitira mwaye padenga la khitchini. Khungulo ndilo limateteza buroka kuti lisapse kapena kubuntha.

"Usadzawapale, mwanawe," ankatero. "Ukachotsa khungulo watsala ndi msomali."

Lukmani ankangoti inde, makutu ali kwina.

Kumsika kunkakhala Alawi, mnyamata amene anabwerako kokumba golide ali ndi nsapato zatsopano ndi lilime lotsekemera. Ataona buroka m'manja mwa Lukmani anatsitsa mawu. Anati chikasucho ndi golide, iye golide amamudziwa ngakhale atatsinzina, ndipo akuluakulu amabisa dala zoterezi kuti ana asalemere.

"Ndani wati ube, amwene?" anafunsa Alawi. "Ungopala pamwambapo, ufawo usunge, chitsulocho ubweze. Atate ako ataya chiyani?"

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma Lukmani anaona kufiira kwa kunja kokha. Bambo ake akapita kumzikiti, iye ankatenga buroka limodzi, kukalikwecha pamwala wonolera kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, ufa n'kusunga m'kabokosi ka machesi.

Posakhalitsa a Hamoud anaona kuti maburoka awo akutuwa ndiponso sakuluma. Anaganiza kuti wina akusintha enieni ndi achabechabe a kumsika. Anayamba kuyang'ana chikwama cha a Mathias ndi diso la m'mbali, kenaka anasiya kudya nawo. Amake a Lukmani, a Sarifa, anamukokera pambali mwana wawo n'kumufunsa ngati akudziwapo kanthu, ati bodza likakula limadya mwini wake. Apa ndipo mnyamatayo anachita choipa chachikulu. Analumbira, n'kuwonjeza kuti anawaonapo a Mathias akutsegula kabokosiko ali okha.

M'mawa mwake a Hamoud anawathamangitsa a Mathias pamaso pa asodzi. A Mathias anatola chipewa chawo. Anakwera chapa, minibasi yopita kwawo ku Maniamba, misozi ili m'maso, Lukmani akuonerera.

Nyengo ya usipa itafika, msodzi wina anabweretsa injini imene bawuti linadukira m'kati. A Hamoud anabowola ndi buroka lotuwa. Linatentha, linafuka utsi, kenaka linathyokera momwemo n'kung'amba injiniyo. Msodziyo analalata mseu wonse, ndipo anzake anayamba kupita ndi injini zawo kwina.

Lukmani anati apulumutse banja ndi chuma chake chobisa. Alawi anali atazimiririka kale kupita ku Lichinga, choncho anapita yekha kwa wogula golide kumsika. Munthuyo anathira ufawo papepala n'kuyandikiza maginito. Wonse unadumphira pa maginitopo, chinthu choti golide weniweni sachita. Wogulayo anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kufunsa mokweza kuti mwana wa a Hamoud wapala chitsulo cha yani. Nkhani ya kumsika siyenda pansi. Lukmani asanafike kwawo, bambo ake anali atamva kale.

Sanamumenye. Anangomuuza kuti avale, apite limodzi ku Maniamba. Anawapeza a Mathias akupalira chinangwa. Lukmani anagwada m'mzere n'kuulula zonse akulira, a Hamoud n'kupempha mnzawoyo kuti abwerere kuntchito.

"Mwanayu ndamukhululukira," anatero a Mathias, khasu lili m'manja. "Koma inu, achimwene, munandiyang'ana ngati mbala asodzi akuona. Ndingaime bwanji pa ofisina paja? Pitani bwino."

Anabwerera awiri okha. Ofisina inatsekedwa chaka chisanathe, ndipo lero Lukmani amasenza madengu a usipa a anthu ena. Bambo ake amamudyetsa, amamupatsa moni, koma akatuluka m'chipinda amakhoma chitseko n'kutenga kiyi. Palibe chimamupweteka mtima kuposa kulira kwa loko ameneyo.

Ana inu, musamvere mnzanu wokuuzani kuti kupala pang'ono si kuba. Kuba ndi kuba, ndipo kumabala bodza. Bodza la Lukmani linachotsa munthu wosalakwa pantchito, linatseka ofisina, ndipo mpaka lero bambo ake omubereka samukhulupirira.