Kiyi Ali kwa a Ilarie

Dzuwa linali litakwera kale pamwamba pa mulu wa malasha, koma a Ilarie anali asanaoneke. Rifca anangokhalira kutuluka ndi kulowa m'sitolo ngati nkhuku yofuna poikira. Agogo ake, a Zalman, anaima pakhomo la chipinda chosungira katundu, maso ali pa loko ngati kuti lokoyo awapatsa moni.

"Mwina adwala, agogo," anatero Rifca.

"Ilarie? Uja chaka china mwala unamuphwanya phazi mumgodi, koma anayamba wabweretsa kiyi asanapite kuchipatala." A Zalman anacheuka. "Iwe, pakamwa pako pali phee lero. Si iwe ameneyu. Wachita chiyani?"

Nkhani ya kiyiyo inali yotere. Pa Paska, Myuda saloledwa kukhala ndi chilichonse chotupitsa, kaya m'kamwa, kaya m'nyumba, kaya m'sitolo. Tsono wogulitsa ufa wa tirigu, mabisiketi, makaroni ndi mowa atani, akataye kumtsinje? Anzeru akale anapeza njira. Paska asanafike, gulitsa zonsezo kwa mnzako amene si Myuda, umupatse kiyi. Akatha masiku asanu ndi atatu a chikondwerero, ukamupemphe kuti akugulitsenso. Kupempha, osati kulamula. Tsono Paska anali atatha dzulo lake, ndipo lero linali tsiku loti kiyi abwerere.

Agogo awo a a Zalman, a Hersh, anafika m'chigwa chino cha Jiu wapansi kuchokera kudera lakutali la Galicia, atabereka bokosi la singano ndi zingwe za nsapato. Amati anasankha tawuniyi chifukwa nsapato zawo zinathera pomwepo. Ataona kuti munthu wa mumgodi amatuluka pansi ali ndi njala ya anthu atatu, anatsegula sitolo moyang'anana ndi geti la mgodi. Paska woyamba anapereka kiyi kwa wokumba malasha wina wa banja la Bârsan, ndipo kiyiyo sanapitenso kubanja lina. Ngakhale boma la chikomyunizimu litalanda sitolo, a Bârsan ankagulabe kabati ya kukhitchini, muli timapaketi tiwiri ta makaroni. Bomalo litagwa, a Zalman anatsegulanso sitolo pamalo omwewo, ndipo kiyi anafika kwa a Ilarie Bârsan.

Koma chaka chino mgodi unachotsa anthu ntchito, a Ilarie nawo omwe. Kusukulu anyamata anayamba kumunena Codrin, mwana wawo, kuti bambo ake akulondera mpando kunyumba. Codrin atatopa anati, "Bambo anga ali ndi sitolo sabata ino. Kafunseni." Apo m'pamene Rifca, amene lilime lake linkathamanga kusiya mutu m'mbuyo, anaseka.

"Sitolo yake iti? Ndi sewero chabe lija, iwe. Bambo akowo ndi msomali wopachikapo kiyi!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo pofika masana Codrin anali atasanduka Mwana wa Msomali.

Rifca atamaliza kuulula zimenezi, a Zalman sanakalipe. Anangokhala pansi pa kreti, zimene zinamuopsa kuposa mbama.

"Mwanawe, ukudziwa chimene wanena? Ngati linali sewero, ndiye kuti ufawo unali wanga Paska yense. Ufa wotero sindingaugulitse, sindingaudye, sindingapatse ngakhale nkhuku. Ndi wa moto."

"Nanga ngati silinali sewero?"

"Ndiye ndi wa Ilarie. Atha kugulitsa kwa aliyense amene wamukonda."

Rifca anayang'ana pawindo. Amayi anali atayamba kusonkhana panja ndi zikwama. Pasaka wa Akhristu anali Lamlungu likubweralo, ndipo nyumba iliyonse inkafuna ufa wophikira kozonaki, buledi wotsekemera uja. Sabata imeneyi ndiyo inkanyamula sitolo mpaka chilimwe. Ikaphonyeka, basi, zaka zonse za a Hersh zithera pa loko.

Kenaka kunamveka kulira kwa lole. Inabwerera chambuyo mpaka pakhomo, pambali pake patalembedwa dzina la bekale ya tawuni ina. A Ilarie anatsika akutsimphina, atavala jekete lawo la kutchalitchi, Codrin ali pambuyo, maso pansi.

"Mwadzuka bwanji, Ilarie?" anatero a Zalman.

"Tadzuka, bambo Zalman. Ife misomali sitidwala." Anatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika pachikhatho. Amayi aja anasiya kucheza. "Ndabwera kudzamva ndekha. Ngati lija linali sewero, kiyi nayu, tengani, ine ndizipita. Ngati ndinagula, ufa wanga ukukwera lole. Mkulu wa bekale uyu wandipatsa mtengo wabwino, ndipo kwathu ntchito kulibe."

A Zalman anabisa manja kumbuyo n'kutsegula pakamwa.

"Ayi, madala, sindikufunsa inu. Ndikufunsa loya wanuyu," anatero a Ilarie akuloza Rifca.

Rifca anayang'ana chikhatho cha a Ilarie. Kiyi anali pomwepo, pafupi kwambiri. Kungoti "sewero", kulanda, lole izibwerera yopanda kanthu. Ndani mwa amayi awa ankasamala za lamulo la Ayuda? Iwo ankafuna ufa basi. Koma atayang'ana agogo ake, anaona kale m'maganizo utsi wa ufa ukufuka kuseri kwa sitolo. Munthu amene ankabweza kasitomala pamsewu kuti amupatse chenje choiwala sakanagulitsa ufa wa moto.

"Munagula," anatero motsitsa.

"Makutu anga anathera mumgodi, mwanawe."

"Munagula, bambo! Ndi wanu. Ufa, mabisiketi, zonse. Ndinanama kusukulu."

"Chabwino. Ndiye ndithandize kunyamula katundu wanga."

Loko anatseguka. Rifca anagwira thumba mbali imodzi, Codrin mbali inayo. Linali lolemera ngati munthu woledzera. Analiponya m'lole, n'kubwerera, n'kunyamula lina. Ufa unamuyeretsa tsitsi, ndipo misozi inajambula tinjira tiwiri pamasaya. Palibe anaseka. Mayi wina anayamba kupinda chikwama chake kuti azipita.

"Gwira pansi, ukuligwetsa," ananong'ona Codrin.

"Pepa, Codrin."

"Gwira pansi, ndati."

Atakweza matumba angapo, a Ilarie anakweza dzanja.

"Taima. Kodi agogo akowa anakuuza za Paska wa nthawi ya nkhondo?"

Rifca anapukusa mutu.

"Sangakuuze, iwo amangodziwa mtengo wa sopo. Asilikali atathamangitsa Ayuda m'tawuni muno, kiyi uyu anali m'thumba mwa agogo anga. Anabwera akuluakulu kudzalanda katundu wa Myuda. Agogo anati, 'Myuda wake uti? Ndinagula ine.' Anawatengera kupolisi, kuwamenya kuti avomere kuti linali sewero. Anabwerako opanda mano akutsogolo, koma mawu ali omwewo: ndinagula. Paska ameneyo anatenga zaka. A Hersh atabwerera, owonda ngati chingwe cha nsapato, anapeza mashelefu awo ali chilili." A Ilarie anapukuta kiyi pajekete. "Msomali umenewo anaukhoma ndithu, mwanawe. Koma sunapindike."

Kenaka a Zalman anavula chipewa, kusiya kachisoti kawo kakang'ono pamutu, n'kuima patsogolo pa a Ilarie ngati mlendo pakhomo la eni.

"A Bârsan, ndamva kuti muli ndi ufa. Mungandigulitseko?"

A Ilarie anakanda chibwano nthawi yaitali, yaitali kwambiri kwa munthu wometa bwino.

"Zotsala m'chipindamo ndikugulitsani, pa mtengo wathu wakale. Koma matumba amene akwera lolewo apita. Mkuluyu sanawotche mafuta kudzaona nkhope yanu. Ndipo Codrin, tenga bokosi la mabisiketi ilo, la chokoleti. Ukagawire anzako kusukulu, uwauze kuti achokera m'sitolo ya bambo ako."

Anagwirana chanza, kiyi n'kubwerera kwawo. Aka kanali koyamba chiyambire a Hersh kuti katundu abwerere wosakwana.

Lachisanu lisanafike, ufa unatha. A Zalman anamuimika Rifca pakhomo kuti aziwabweza yekha amayi obwera mochedwa, ndipo aliyense ankafunsa chifukwa chake, ngakhale onse ankachidziwa. Sitolo inapulumuka, koma chaka chimenecho denga lodontha silinakonzedwe, ndipo ndowa zokhetsera madzi ankataya ndi Rifca.

Paska wotsatira atayandikira, a Zalman anati mawondo akuwawa, n'kumutuma Rifca kukapereka kiyi. Anakwera mtunda mpaka kunyumba za mgodi, nagogoda. A Ilarie anatsegula, Codrin akusuzumira paphewa pawo. Rifca anapereka kiyi ndi manja awiri.

A Ilarie anayang'ana khoma uku ndi uku.

"Codrin, kodi m'nyumba muno muli msomali?"

"Musavutike, bambo," anatero Rifca. "Kiyi amakhala m'thumba mwa mwini wake."