Nkhanga ya Amama

Pitani ku Sinda. Pitani ku Vubwi. Kwerani basi mukafike ku Lusaka. Simudzaona khoma lokongola ngati la kwawo kwa Nelly. Ayi ndithu, simudzaliona!

Koma chaka chatha khomalo linali lomvetsa chisoni.

Nelly ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Amakhala m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika, ku Katete. Amakhala ndi atate ake, a Aaron. Amakhalanso ndi mlongo wake wamng'ono, Kumbukani. Amama ake, a Ottilia, anamwalira.

Nelly ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kusunga nkhanga ya pakhoma.

Amama anali ndi manja aluso. Ankasoka zovala za Nelly. Ankaumbira Kumbukani ting'ombe tadothi. Ankaluka chipewa cha Atate. Koma ankakonda kwambiri kujambula pakhoma.

Amama sankagula penti. Ankajambula ndi dothi. Anthu akamaliza kukolola, Amama ankazira khoma la nyumba. Kenaka ankajambula nkhanga zinayi.

Nkhanga ya Atate inali ya mimba yaikulu. Nkhanga ya Kumbukani inali yoyasama kukamwa.

"Iyi ikulirira chakudya," Amama ankatero, akuseka.

Nkhanga ya Nelly inali yaing'ono. Nkhanga ya Amama inali kumbuyo kwa zonse. Inkayang'anira zinzake.

Amama ankaika madontho oyera ndi chala. Dontho! Dontho! Dontho!

Tsiku lina Nelly anagwira pakhoma. Dothi linali lisanaume. Nkhanga ya Amama inafufutika.

Nelly anachita mantha. Koma Amama sanakalipe.

"Iwe Nelly, wandidyera nkhanga yanga!" anatero Amama. "Wadya ndi nthenga zomwe! Tsopano uli ndi ngongole ya nkhanga imodzi. Udzandibwezera."

"Ndidzabweza, Amama," anatero Nelly.

Patapita masiku, Amama anadwala. Sanajambulenso. Mvula isanayambe, Amama anamwalira.

Mvula inabwera. Inagwa, inagwa, inagwa. Inakokolola nkhanga ya Atate. Inakokolola nkhanga ya Kumbukani. Inatsala nkhanga imodzi, yaing'ono ija. Denga ndi limene linaitchinga.

M'mawa uliwonse Nelly ankaima pakhoma. Ankaika chala chake padontho. Pamenepo panali chala cha Amama.

Anthu anakololanso. Koma palibe amene anazira khoma. Khoma linayamba kung'ambika. Dothi linayamba kugwa.

Tsiku lina Atate anayang'ana kumwamba. Anayang'ananso khoma.

"Mvula ili pafupi," anatero Atate. "Loweruka ndimata khoma lonse."

"Lonse, Atate?" anafunsa Nelly.

"Lonse, mwanawe. Tikapanda kutero nyumba igwa."

"Nanga nkhanga imene Amama anandijambulira?"

Atate anavula chipewa chawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapita kudimba.

Nelly anakhala pakhonde. Analira. Kumbukani anakhala pafupi naye. Nayenso analira, koma sanadziwe chifukwa chake.

Madzulo Nelly anatungira Atate madzi akumwa. Anagwada.

"Atate, matani khoma lonse," anatero Nelly. "Koma pankhanga musiyepo. Zinazo ndijambula ine."

"Iwe? Ukudziwa kumene amako ankatenga dothi?"

"Ayi, Atate. Koma ndifunsa."

Atate anamwa madzi. Anapukuta pakamwa.

"Dothi lofiira ndikulidziwa," anatero Atate. "Ndi katondo wa pachulu, kuseri kwa khola. Ndinkanyamula ine panjinga. Amako ankati, 'Inu a Aaron, kapalaseni bwino, musanditayire!' Tsiku lina ndinagwa nalo thumba lonse. Ndinabwera mutu uli psuu! Amako anaseka mpaka anakhala pansi."

Nelly anaseka pang'ono. Atate nawonso anaseka pang'ono.

M'mawa Atate ndi Nelly anapita pachulu. Anakumba katondo. Dothi lofiira linapezeka.

Kenaka Nelly anapita kwa amai Lydia. Amai Lydia amakhala nyumba yoyandikana nayo.

"Odi!"

"Odini, Nelly. Kwagwanji m'mawa muno?"

"Amai, kodi Amama ankatenga kuti dothi lakuda?"

Amai Lydia anasiya kusenda mtedza. Anapuma mozama.

"Kudambo, mwana wanga," anatero amai Lydia. "Ndi makande. Chaka chija ndinathyoka mkono, amako anandizirira nyumba yonse. Anandijambulira maluwa pakhomo. Ndinawapatsa nkhuku. Anakana. Anati, 'Sungani nkhuku yanu, iikire mazira.'"

Amai Lydia anapukuta maso ndi chitenje. Anatenga khasu.

"Tiye," anatero.

Anapita kudambo. Anakumba makande. Dothi lakuda linapezeka.

"Nanga loyera, amai?" anafunsa Nelly.

"Loyeralo sindikudziwa. Amako ankabwera nalo kale m'kachitini."

Nelly anafunsa Atate. Atate sankadziwa. Anafunsa kuchitsime. Palibe ankadziwa. Anafunsa kuchigayo. Palibe ankadziwa.

Nkhanga yopanda madontho si nkhanga.

Nelly anaganiza. Anatapa ufa pang'ono. Anausakaniza ndi madzi. Anayesa kuika madontho m'munsi mwa khoma. Dontho! Dontho! Dontho!

Nkhuku zinabwera. Jo! Jo! Jo! Zinajompha madontho onse.

"Nkhuku zadya! Nkhuku zadya!" anakuwa Kumbukani.

Nelly sanaseke. Mtima wake unawawa. Mawa lake linali Loweruka.

Anapita kukhichini. Anakhala pakona pamene Amama ankakonda kukhala. Anatsamira khoma. Mkono wake unagunda kanthu.

Kanali kamphika kakang'ono. Kanali kovundikira ndi mbale. Nelly anavundukula.

Munali phulusa. Phulusa loyera mbee! Pamwamba pake panali timaenje titatu. Tinali ta zala.

Nelly anaika zala zake m'timaenjemo. Zala zake zinali zazing'ono. Timaenjeto tinali tokulirapo.

"Atate! Atate!"

Atate anabwera akuthamanga. Anaona kamphika. Anaima chilili.

"Phulusa la zitsononkho za chimanga," anatero Atate pang'onopang'ono. "Amako ankaziotcha pazokha. Ankasefa phulusa lake. Ankati, 'Inu a Aaron, kamphika aka musakakhudze.' Ine ndinkayesa ndi lophikira therere."

"Ndi madontho, Atate," anatero Nelly. "Ndi madontho a nkhanga."

Atate anakhala pansi. Anamukumbatira Nelly. Onse awiri analira. Kamphika kanali pakati pawo.

Loweruka linafika. Atate anaponda dothi. Anamata khoma lonse. Koma pankhanga yaing'ono anasiyapo. Anazungulira bwinobwino ndi chala.

Amai Lydia anabwera. Anazira khoma ndi katondo. Khoma linafiira psuu!

Tsopano inali nthawi ya nkhanga.

"Yanga ndijambula ndekha," anatero Atate. "Ine ndine katswiri!"

Atate anatapa makande. Anajambula. Anajambula. Anabwerera m'mbuyo.

"Atate, limenelo ndi bakha!" anatero Kumbukani.

"Bakha? Iwe, taona bwino!"

"Ndi bakha, atake Nelly," anatero amai Lydia. "Bakha wokhuta gaga!"

Onse anaseka. Nelly anaseka kwambiri. Sanasekepo chonchi kwa miyezi yambiri.

Kumbukani anaviika dzanja lonse m'makande. Analidinda pakhoma. Pha! Nelly anaonjezera mutu ndi miyendo. Anaonjezeranso kamwa loyasama.

"Iyi ikulirira chakudya," anatero Nelly.

Kumbuyo kwa zonse panatsala malo. Nelly anawayang'ana.

"Ndikalakwitsa, Atate?"

"Sungalakwitse kuposa bakha wanga," anatero Atate.

Nelly anatapa makande. Anajambula thupi. Anajambula khosi. Anajambula mutu woyang'ana zinzake. Kenaka anasakaniza phulusa ndi madzi pang'ono. Anaviika chala.

Dontho! Dontho! Dontho!

Atate anaika madontho. Kumbukani anaika madontho. Amai Lydia nawonso anaikapo limodzi.

Nkhuku zinabwera. Zinanunkhiza. Zinachoka.

Munthu wina ankadutsa panjinga. Anaona khoma. Anatsika. Azimayi ochokera kuchitsime anaima ndi ndowa pamutu. Ana a sukulu anaunjikana.

"Ee, taonani!" anatero azimayiwo. "Nkhanga za amake Nelly zabwerera!"

Mukadzapita ku Katete, kaoneni nokha. Mudzaona nkhanga yaing'ono ya zala za Amama. Mudzaona nkhanga yoyasama. Mudzaonanso bakha wokhuta gaga. Khoma lotere kulibe ku Sinda. Kulibe ku Vubwi. Kulibe ngakhale ku Lusaka!

Anthu atachoka, Nelly anasamba m'manja. Anavundikira kamphika. Phulusa linatsalamo la chaka chamawa.

Atate ananyamula Kumbukani. Anagwira Nelly paphewa. Onse anaima pakhoma.

Nelly anayang'ana nkhanga yakumbuyo ija. Dothi linali lisanaume. Ulendo uno sanaigwire.

"Amama," anatero Nelly, "ndabweza. Nkhanga imodzi."